Mtengo wa kumapeto kwa mzere

Pa puloti imene ndimagwirapo ntchito ku Glen Austin, m'dera la Midrand kumpoto kwa Johannesburg, pali mitengo ya mapichesi 50 yobzalidwa mzere umodzi motsata mpanda. Mitengoyi inatalikirana mamita 4, ndiye kuchoka pa woyamba kukafika pa womaliza munthu umayenda mamita pafupifupi 200, uku ukukwera kachitunda kosaoneka bwino ndi maso. Pamene ndinkayamba ntchito pamalopo n'kuti itatha chaka chibzalireni. Ya kufupi ndi nyumba inali itandipitirira kale msinkhu, masamba ali biriwiri. Ya kumtunda inkandilekeza m'chiuno, masamba ofota, ndipo itatu inali itaumiratu. Chonsecho yonse inagulidwa tsiku limodzi ku nazale imodzi, n'kubzalidwa sabata imodzi.

Adona a pamalopo ankaganiza kuti ndi chiswe kapena matenda. Ndinakumba patsinde pa umodzi mwa youmayo. Chiswe munalibe, mizu inalibe chilema, koma dothi linali fumbi lokhalokha mpaka pamene khasu linalekeza. Nditapita kukakumba pa mtengo wachitatu kuchokera kunyumba, ndinatulutsa matope onunkha.

Zimenezi sizinali zachilendo kwa ine. Kwathu ndi ku Bembeke, m'boma la Dedza, kumene mapichesi amapezeka m'makomo ambiri, ndipo m'chilimwe anthu amalima kachewere ndi kabichi ndi madzi a m'ngalande yopatutsidwa kumtsinje. Dimba la amayi anga linali lomaliza pa ngalande yathu. Anzathu a kumtunda ankatsegula madzi m'mawa, mizere yawo n'kukhuta mpaka kusefukira m'njira, ife tikudikira. Pofika kwa ife madziwo amakhala atawonda ngati chingwe. Amayi ankadzuka tambala woyamba asanalire kuti akathirire eni kumtunda akadali m'tulo, ine pambuyo pawo nditanyamula nyali ndi keni. N'chifukwa chake nditaima pa mtengo wa nambala 50 uja mtima unandiwawa mwanjira ina. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene chinkauchitikira.

Amene anabzala mitengoyo anali atayesetsa ndithu. Anaika mthirira wa mdonthera, umene kuno timangoti diripu. Madzi amachokera m'chitsime chobooledwa ndi makina, n'kulowa mu thanki ya JoJo ya malita 5,000 imene ili kuseri kwa nyumba. Pamenepo pali pampu yaing'ono yamagetsi. Kuchoka pa pampupo anayala paipi imodzi yakuda ya mamilimita 15 kukafika kumapeto kwa mzere, ndipo pa mtengo uliwonse anabayapo timabatani tiwiri todontheza madzi, kalikonse ka malita 8 pa ola, n'kutigundiza ku thunthu lenilenilo. Poyang'ana zinkaoneka zolongosoka. Ndinatenga kakapu koyezera mankhwala a mbewu ndi foni, n'kumatchera madzi a kabatani kamodzi kwa mphindi imodzi imodzi. Pa mtengo woyamba munalowa mamililita 180. Pakati pa mzere 110. Kumapeto 60, ndipo timabatani tina kumeneko tinali titatsekeka, osatulutsa ngakhale dontho.

Lamlungu lotsatira ndinaitana malume anga. Iwo akhala ku Joni kuno zaka zoposa 20, amakhala ku Ivory Park, ndipo theka la zaka zimenezo agwira ntchito ya mapaipi a m'minda ya maluwa. Anayenda mzere wonse osayankhula, manja kumbuyo. Titafika kumtunda anati, "Mphwanga, madzi ako akuberedwa ndi akuba awiri. Woyamba ndi chitundachi. Wachiwiri ali m'kati mwa paipimu. Tiyeni tiwayeze onse tisanagule chilichonse."

Kuyeza chitunda sikunafune makina. Tinabwereka kapaipi koonekera m'kati, kaja amisiri omanga nyumba amathiramo madzi pofuna kulinganiza maziko. Wina amagwira nsonga imodzi pa chikhomo, wina n'kupita mamita 10 kutsogolo, kenako mumayeza kusiyana kwa msinkhu wa madzi kuchokera pansi mbali zonse ziwiri. Tinachita zimenezi maulendo 20 n'kuwonkhetsa. Kuchokera pa pampu kukafika pa mtengo womaliza, malowo amakwera mamita 6. Ine ndi maso ndinkati awiri. Mphamvu yokankha madzi m'paipi, imene amisiri amati puresha, amaiyeza mu ma bar, ndipo madzi akakwera mamita 10 amataya bar imodzi. Ndiye chitunda chathu chinkadya 0.6 bar madzi asanachite n'komwe ntchito iliyonse.

Wakuba wachiwiri ndi amene anthu ambiri samuganizira. Madzi akamayenda m'paipi amakhuzana ndi khoma la paipiyo, ndipo kukhuzanako kumawatopetsa. Paipi ikatalika amatopa kwambiri. Madzi akachuluka m'paipi yomweyo kutopako sikuwonjezeka molingana ayi: mukawirikiza madzi kawiri, mphamvu yotayika imawirikiza kuposa katatu. Koma chachikulu pa zonse ndi kukula kwa chibowo. Madzi omwewo akamadutsa m'paipi ya mamilimita 15 amataya mphamvu yoposa kakhumi poyerekeza ndi m'paipi ya mamilimita 25. Nditamva zimenezi koyamba sindinakhulupirire, poti mukaziika pachikhatho ziwirizo sizisiyana kwenikweni. Malume anatulutsa kapepala kakale kopindapinda ka tebulo la mawerengero amene anapatsidwa kuntchito, n'kundiwonetsa ndi chala. Timabatani 100 ta malita 8 tikufuna malita 800 pa ola. Malita 800 amenewo kuwakankha mamita 200 m'kapaipi ka 15 kumadya bar imodzi ndi kakuposerapo. Pampu yathu imapereka 2 bar. Chotsanipo 0.6 ya chitunda, chotsanipo 1.1 ya m'paipi, mtengo womaliza unkatsala ndi 0.3 basi. Timabatani wamba timadontha molingana ndi puresha imene tapeza, choncho a kufupi ankamwa mopitirira muyezo pamene a kumtunda ankangonyambita.

Nditawafotokozera adona, iwo anafunsa funso limene aliyense angafunse: bwanji osangosiya pampu ikuyenda nthawi yaitali kuti ya kumapeto nayo ikhute? Ndinawatengera pa dzenje la matope lija. Pichesi safuna kuima m'madzi. Mizu yake ikakhala m'dothi lonyowa kosalekeza imasowa mpweya n'kuyamba kuwola, ndipo masamba amachita chikasu ngati a mtengo waludzu, mwini n'kumawonjezeranso madzi. Kuti wa nambala 50 ukhute mwanjira imeneyo, khumi oyambirira akanafa. Anafunsanso za pampu yaikulu. Imeneyo ikanangowonjezera madzi kwa omwe ankamwa kale, n'kumaphulitsa polumikizira.

Malume ali ndi kachitidwe kamene ndakatengera. Pojambula pulani sayambira pa thanki. Amayambira pa mtengo wakutali ndi wokwera kuposa yonse, n'kufunsa kuti ukufuna madzi angati ndi puresha yotani, kenako n'kumabwerera chammbuyo mpaka kukafika pa pampu. Amati wa kufupi ndi mpopi safuna womuyankhulira. Tinakhala pansi pa mpanda ndi katoni ndi pensulo, n'kuyamba ndi nambala 50.

Choyamba tinayeza zimene pampu ingathe. Ndowa ya malita 20 inadzadza pa masekondi 50, kutanthauza malita 1,440 pa ola paipi ili yotsegula. Simungawerengere onsewo, chifukwa pampu ikamakankha molimba imatulutsa ochepa. Malume anati tisapitirire magawo atatu mwa anayi. Malita 800 anali m'kati mwa malirewo.

Kenako panabwera nzeru imene ndimaiona kuti ndiyo inapulumutsa mzerewo, ndipo ndi yosavuta moti munthu umadabwa kuti bwanji sunaiganize. M'malo molowetsa madzi kuchokera kumayambiriro kwa mzere, tinawapititsa pakati. Tinakumba ngalande yosaya n'kukwiriramo paipi ya mamilimita 25 yopanda bowo lililonse, mamita 120 kuchokera pa pampu kukafika pakati pa mtengo wa 25 ndi wa 26. Pamenepo tinaika cholumikizira cha mphanda, ndi mavavu awiri otsegulira ndi kutsekera madzi. Paipi imodzi ya mamilimita 20 imakwera ndi mitengo 25 ya kumtunda, ina imatsika ndi 25 ya kumunsi. Tsopano paipi iliyonse inanyamula theka la madzi pa theka la mtunda, ndipo zimenezo zokha, ngakhale osasintha kukula kwa paipi, zimachepetsa mphamvu yotayika pafupifupi kasanu ndi kawiri. Titawerengera zonse, m'paipi yokwiriridwa munkatayika mphamvu yofanana ndi kukwera mita imodzi ndi theka, ndipo m'nthambi iliyonse yosakwana theka la mita. Poyamba paja zinali ngati kukwera mamita 11. Mtengo womaliza tsopano unkalandira pafupifupi 1.2 bar, wa kumunsi kwenikweni 1.8.

Kusiyana kotsalako ndi kwa chitunda, ndipo chitunda simungachichotse. Apa ndi pamene tinafunika timabatani ta mtundu wina, timene m'sitolo amatilemba kuti PC. M'kati mwake muli kamphira kopyapyala kamene puresha ikakula kamapindika n'kupanikiza njira ya madzi, ikachepa kamamasuka. Malinga puresha ili pakati pa bar imodzi ndi 4, kabatani ka malita 4 pa ola kamatulutsa malita 4 omwewo kaya kali kumtunda kaya kumunsi. Ndi todula kuposa wamba, ndipo adona anazengereza pang'ono poona mtengo wa timabatani 200. Ine ndinaumirira. Pamalo athyathyathya ndi mzere waufupi wamba amakwana. Pa mzere wautali wokwera, kugula wamba n'kubwerera kumene tachoka.

Bambo wina wachikulire wogulitsa m'sitolo ya zaulimi kumene tinakagula katunduyu anatiimika kanthawi ndi mbiri ya diripu. Katswiri wa zamadzi wa ku Israel, Simcha Blass, anaona mtengo umodzi pa mzere utakula kuposa anzake onse, ndipo atakumba anapeza kuti polumikizira paipi pankadontha madzi pafupi ndi mizu yake. Patapita zaka, mu 1965, iye ndi anthu a m'mudzi wa Kibbutz Hatzerim m'chipululu cha Negev anayambitsa kampani ya Netafim, imene dzina lake linalembedwa pa timabatani timene tinagula. Pobwerera m'galimoto ndinkaganiza kuti nkhaniyo inayambanso ndi munthu amene anaona mitengo ya pa mzere umodzi ikukula mosiyana n'kutenga khasu.

Za kumene madzi ayenera kudonthera tinatsutsana pang'ono ndi malume. Iwo anazolowera maluwa ndi timitengo ta m'mipanda, ndiye ankafuna timabatani tikhale pa paipi yaikulu pomwepo kuti ntchito ichepe. Ine mapichesi ndakula nawo. Mizu imene imamwa madzi si ija ikuluikulu ya patsinde, koma ting'onoting'ono ngati ubweya timene timakhala kumene mthunzi wa nthambi umalekeza. Kuthira madzi pa thunthu n'kuitana chiwola cha khungwa. Pamapeto pake anavomera. Pa mtengo uliwonse tinatulutsa kapaipi kakang'ono n'kukazunguliza ngati nkhata, theka la mita kuchokera pa thunthu, ndi timabatani tinayi totalikirana mofanana. Nkhatayo tinaisiya yotalikirapo kuti chaka ndi chaka tizitha kuifutukula mtengo ukamakula.

Chifukwa chosankhira tinayi ta malita 4 m'malo mwa tiwiri ta malita 8 ndi dothi. Kuno ku Midrand dothi lambiri ndi lamchenga, lochokera ku mwala wa granite, ndipo m'malo ena pansi pake pali chikhakha cholimba chimene Mabunu amati ouklip. M'dothi la makande dontho limafalikira m'mbali n'kunyowetsa malo otambalala. Mumchenga limangolowa pansi mowongoka ngati muzu wa karoti. Ndinayesa ndekha: ndinasiya kabatani kamodzi kakudontha maola awiri pamalo ouma n'kukumba m'mbali mwake tsiku lotsatira. Chinyezi chinali chitalowa kupitirira chigongono, koma m'lifupi sichinakwane mapazi awiri. Timabatani tiwiri tikanasiya mizu yambiri pouma.

Sefa ndi chinthu chimene woyamba uja anaiwala, ndipo n'chimene chinatseka timabatani take. Njira ya madzi m'kati mwa kabatani ndi yopapatiza moti kamchenga kamodzi kamakwana kuitseka. Madzi a m'chitsime chathu amabwera ndi mchenga wosalala ndi dzimbiri lofiirira limene limachita ndere m'paipi. Tinaika sefa ya timabowo ting'onoting'ono, imene amati 120 mesh, pampu itangotha, ndi geji yoonetsa puresha patsogolo pake. Singano ya gejiyo ikatsika ndimadziwa kuti sefa yadzadza. Kumapeto kwa nthambi zonse ziwiri sitinamange mfundo yamuyaya. Tinaikako vavu yoti kamodzi pamwezi ndizitsegula madzi atuluke mwamphamvu ndi litsiro lonse limene limakaunjikana kumeneko. Tsiku loyamba, tisanabaye kabatani n'kamodzi komwe, tinatsuka mapaipi onse mpaka madzi anayera.

Madzi angati? Apa mawerengero ake ndi a pulayimale. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi. M'miyezi yotentha kuno dzuwa ndi mphepo zimachotsa pafupifupi mamilimita 5 patsiku. Mtengo waung'ono umene mthunzi wake ukuphimba masikweya mita awiri ukufuna malita ngati 10 patsiku, 70 pa sabata. Timabatani tinayi timapereka malita 16 pa ola. Ndiye ndimathirira kawiri pa sabata, maola awiri ulendo uliwonse, mtengo n'kulandira malita 64. Ulendo umodzi umatsitsa thanki ndi malita 1,600. Kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo kumakokera mizu pansi. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumaisiya pamwamba pomwe dzuwa limaiwotcha. Komabe nambala si mapeto. Ndisanatsegule pampu ndimalowetsa chala kapena kachitsulo pansi pa udzu wophimbira, ndipo mvula ikagwa yokwanira ndimadumphitsa.

Mavavu awiri a pakati aja tinawaikira zam'tsogolo. Mitengoyi ikadzakula mthunzi wa umodzi udzafika masikweya mita 10, n'kumafuna malita 50 patsiku m'nyengo yotentha. Pamenepo timabatani tidzakhala 8 pa mtengo, malita 1,600 pa ola mzere wonse, zimene pampu yathu singathe nthawi imodzi. Tidzangotsegula mbali imodzi lero, ina mawa, mapaipi omwewo osakumbanso.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani pomwe hosipaipi ilipo. Johannesburg ndi mzinda womangidwa pamwamba pa chitunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, chifukwa cha golide amene anapezeka mu 1886 osati chifukwa cha mtsinje. Madzi a m'mipopi amachokera kutali ku damu la Vaal, ena mwa iwo atayenda kuchokera ku mapiri a Lesotho, ndipo bungwe la zamadzi la Rand Water limachita kuwapopa kukwera nawo kuno. Mu chilala cha 2016 damulo linatsika kufika pansi pa 30 peresenti. Kuyambira pa 1 Sepitembala mpaka pa 31 Malichi malamulo a mzinda amaletsa kuthirira dimba ndi madzi a mumpopi pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Ife tili ndi chitsime chathu, koma nacho chili ndi polekezera, ndipo anansi onse akumwa pansi pomwepo. Mvula ya kuno, pafupifupi mamilimita 700 pachaka, imagwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo, kawirikawiri ya mabingu masana, nthawi zina ndi matalala. Kuchoka Meyi mpaka Sepitembala kumauma gwa. Tsono pichesi amachita maluwa mu Ogasiti ndi Sepitembala, dothi litatha miyezi inayi osaona dontho, mphepo yafumbi ikuwomba. Mtengo ukasowa madzi nthawi imeneyo tizipatso timayoyoka tisanakhwime. Ndiponso kuthirira mitengo 50 ndi hosipaipi, malita 32 uliwonse, kumatha tsiku lathunthu, ndipo ndinene zoona, munthu ukatopa amene amachepekedwa ndi omwe aja a kumapeto.

Nyengo yozizira ili ndi zake. Mu Juni ndi Julayi mapichesi amakhala atayoyola masamba, ndiye ndimangothirira kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Chisanu cha kuno chimaumitsa madzi usiku, choncho sefa ndi geji ndinazimangira kabokosi. Choopsa kwambiri ndi moto wolusa. Udzu wa kuseri kwa mpanda ukauma, kamoto kamodzi kamakwana kusungunula paipi yonse, ndiye mu Meyi ndimalambula mamita atatu mbali zonse ziwiri monga timachitira ndi nkhalango kwathu. Paipi yakuda imatalika ikatenthedwa n'kufupika kukazizira, motero poyala tinaisiya yokhotakhota pang'ono, yosakungika, kuti isamazuke polumikizira. Mnyamata wa ku Mangochi amene amabwera kudzatchetcha udzu ndi makina ndinayenda naye mzere wonse kumusonyeza pamene nkhata iliyonse yagona, ndipo m'thumba mwanga simusowa tolumikizira tiwiri kapena titatu.

Titamaliza ndinabwereza muyezo wa kakapu kaja, kabatani kamodzi pa mtengo. Mtengo woyamba mamililita 68 pa mphindi, wa pakati 67, womaliza 66. Ndinawajambula manambalawo n'kuwatumizira malume pa WhatsApp. Anangoyankha kuti, "Zili bwino mphwanga. Usaiwale kutsuka sefa." Itatu youma ija tinabzalamo ina mu Julayi. Ogasiti wapitayu wa nambala 50 unachita maluwa kwa nthawi yoyamba, osachuluka, koma nthambi iliyonse inali nawo. Ukadali wamfupi poyerekeza ndi a kufupi ndi nyumba, ndipo mwina sudzawapeza. Lolemba lililonse ndikamayendera mzere ndimakwera kaye mpaka kumtunda, n'kuyambira pa iwo kutsika.

Mwezi watha ndinawafotokozera amayi zonsezi pafoni. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Nanga kuno zingatheke, mwanawe?" Kudimba kwathu kulibe magetsi kapena pampu. Mgolo woikidwa pa nsanja ya mamita awiri umapereka 0.2 bar yokha, yosakwana kuti timabatani ta PC tigwire ntchito, ndiye kumeneko kudzafunika wamba, paipi yotakata, ndi mizere yaifupi yolowetsedwa madzi pakati. Koma ngalande ija imachokera kumtunda, ndipo ngati pamene imapatukira pali pokwera mamita 8 kapena 10 kuposa dimba la amayi, chitundacho chingagwire ntchito ya pampu. Ndi maso sindingadziwe, poti za mamita awiri amene anapezeka kuti ndi 6 zija ndinaziona. Ndikupita kumudzi mu Disembala. Kapaipi koonekera kaja ndagula kanga, kali kale m'chikwama pamodzi ndi tepi yoyezera ndi sefa imodzi.